Ng'oma ya Ada Inandigwetsa Pansi

Tamala ndi Wezi, ana anga, pamodzi ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine kulibe. Ndalemba m'Chichewa chifukwa Chitonga chanu n'chomvetsa chisoni, ndipo sindikukuimbani mlandu, ndine ndinakulererani m'makampu a asilikali ndi kuesiteti. Wezi, tsiku lina uli kusekondale unandifunsa mopsa mtima kuti, "Adadi, munthu woti munafika pa ukopolo, bwanji mukukalambira pa mpeni wa labala anzanu akukwezedwa?" Ndinakukalipira, ndinati mwana safunsa zotero. Funsolo linali labwino. Tsopano ndapuma ntchito, nthawi ndili nayo, ndiye khala pansi umve.

1975, Zomba

Ndinalembedwa usilikali ndili mnyamata wowonda ngati bango, wochokera kumudzi kwathu kufupi ndi Kande. Amene anasangalala koposa anali agogo anu aamuna, amene ife tinkawatchula kuti Ada. Moyo wawo wonse Ada anali munthu wa malipenga. Inu mwawaona malipenga: amuna atavala zoyera mbee, kabudula wosita bwino, masokosi ofika m'mawondo, ndodo m'manja, akuguba pamizere ngati asilikali, ena akuliza malipenga a zikho. Gulu lililonse timalitchula boma, ndipo limakhala ndi Kingi wake, makapiteni ake, ngakhale dokotala wake woyendera ovina kuona ngati zikhadabo zili zoyera. M'boma la kwathu Ada ndiwo ankaimba ng'oma yaikulu ija, imene timati gunda. Mfuti sanaigwirepo chibadwire, koma za usilikali ankazikonda kuposa nsomba. Ndiye mwana wawo atavala yunifolomu yeniyeni, aaa, mudzi wonse unatopa nayo nkhaniyo.

Kuguba sikunandivute, popeza ndinakulira kumbuyo kwa ng'oma. Vuto linali lakuti ndinkaguba monyadira. Amene ankatiphunzitsa anali Sajeni Makwinja, munthu wamfupi koma mawu ake ankamveka mpaka kumsika. Tsiku lina anaimitsa gulu lonse n'kundiloza ndi ndodo. "Iwe Mtonga iwe! Chiuno ukuchigwedezeranji? Kuno si kugule kwanu!" Anzanga anaseka mpaka misozi, ine n'kuzungulira bwalo mfuti ili pamutu. Koma Sajeni yemweyo, ataona mmene ndinkasitira malaya ndi simbi ya makala, anayamba kunditumizira yunifolomu yake mwakachetechete. Mtonga akhoza kugona ndi njala, koma malaya amakwinya savala.

Zaka zimenezo ndimazisowa, sindibisa. Kuchokera ku Zomba ananditumiza ku Mzuzu, kumene ndinakwatira amayi anu, NyaChirwa, kenako ku Lilongwe, kumene ndinalandira ukopolo ndipo inu nonse awiri munabadwira. Sopo ankasowa, nsapato zinkatha zatsopano zisanafike, nyemba zinkakhala zofumbwa, koma tinali achinyamata ndipo nkhondo tinkangoimva pa wailesi. Ndikapita kumudzi patchuthi, Ada ankandikhazika pampando n'kundifunsa mmene timatembenukira pa perete, mawa lake n'kukaphunzitsa anyamata a m'boma lawo. Ndinkadziona kuti ndine munthu.

1988, Mozambique

Anatitumiza kukalondera njanji yopita ku Nacala kuti sitima za katundu zizidutsa. Za kumeneko sindilemba zambiri. Tinkagona m'maenje, madzi tinkamwa amene ng'ombe ikanawakana, mchere unkatha. Ndinali ndi mnzanga wa dzenje limodzi, dzina lake Jailosi, wa ku Dedza. Munthu woseka, wokonda kundinena kuti Atonga timasamba ndi tayi m'khosi. M'mawa uliwonse ankagwada kupemphera, ndipo ankanditchula ndi dzina m'pemphero lake, ine ndikumanga nsapato osatsinzina n'komwe.

Mzinga usanagwe umayamba kulira kaye mlengalenga, pyiii, kenako pansi pamagunda. Tinaphunzira kuti ukamva kulirako usaganize, ungodziponya pansi. Tsiku limenelo kunali masana, Jailosi akuphika nyemba kunja kwa dzenje. Ine ndinadziponya. Iye anali atagwira mphika, ndipo anayamba wauika kaye pansi kuti nyemba zisatayike. Basi, kuchedwa kwake kunali komweko. Khutu langa lakumanzere linafa tsiku lomwelo, ndipo pemphero nalo linafera pomwepo. Ndinkadzifunsa kuti Mulungu wake ndi wotani wotenga wopemphera n'kusiya womanga nsapato. Ndinakhalako miyezi ina, koma manja anayamba kunjenjemera, ndipo madokotala ataona khutu ndi manjawo anati usilikali wanga wathera pomwepa.

1990, Kande

Tinafika kumudzi m'chilimwe, ndi mabokosi athu pa lole. Tamala, iwe tsiku limeneli ukulikumbukira, ngakhale sunalitchulepo. Abale anakonza phwando londilandira pabwalo la Ada, pansi pa mango. Anaika tebulo la nsalu yoyera, akulu a mpingo atakhala m'mbali. Pafupi ndi ine panakhala Ama NyaBanda, akazi a mkulu wa mpingo, mayi wachikulire wathupi, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinafunsa kuti Ada ali kuti, anthu n'kumangomwetulira. Sindinadziwe kuti boma lonse labisala kuseri kwa nyumba. Anakonzeka kwa milungu yambiri kuti msilikali weniweni amulandire mwausilikali, ndipo anagwirizana kuti asanditsine khutu, kuti chisangalalo chikule.

Kapiteni wawo analiza wezulo, pyiii. Kenako ng'oma, guu!

Ana anga, sindinaganize kanthu. Ndinawagwira pakhosi Ama NyaBanda n'kuwagwetsera pansi, ine pamwamba pawo, ndikukuwa kuti, "Gonani! Gonani pansi!" Tebulo linagubuduka, makapu kusweka, tiyi kutayikira m'fumbi. Ndinayamba kukwawa ndi zigongono kufuna dzenje. Kenako mwana wina anaseka, winanso, mpaka akuluakulu analephera kudzigwira. Ama NyaBanda ankangoti, "Mayo ine, msana wanga, mwana uyu wandipha!" Nditadzutsa mutu ndinaona mizere ya amuna ovala zoyera itaima, ndipo patsogolo pawo panali Ada, tayi ili m'khosi, chibonga choimbira ng'oma chili m'mwamba. Iwo sanaseke. Anandiyang'ana ndili m'fumbi, anaika chibongacho pansi, n'kulowa m'nyumba.

Manyazi amenewo sindingawafotokoze. Ana a m'mudzi anayamba kunditcha Kopolo Gonani, ndipo ndikamadutsa ankadziponya pamchenga dala. Wina ndinamuthamangitsa mpaka kunyanja, ndipo ndikanamugwira sindidziwa chimene ndikanachita. Kutchalitchi sindinapondeko. Chimene chinkandiwawa koposa chinali Ada. Tinkadyera m'mbale imodzi, koma ankangoti wauka bwanji, ine n'kuti ndauka, basi. Munthu amene ankandifunsa mafunso mpaka kunditopetsa tsopano ankayang'ana kumbali. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa boma lawo, ndipo mwana amene ankamunyadira uja anatsala ku Mozambique. Mvula isanagwe ndinauza amayi anu kuti amange katundu.

1990 mpaka 1992, kuesiteti ya labala

Ndinakapempha ntchito kuesiteti ya labala, kumtunda kwa msewu wopita kuboma. Kapitawo wake anali bambo Namakhwa a ku Mulanje, munthu wamtali wosafulumira kulankhula. Anawerenga mapepala anga, anayang'ana manja anga akunjenjemera, ine n'kuwabisa kumbuyo. Anatola mpeni wokhota uja n'kundipatsa. "A Kopolo, kuno chida chake ndi ichi. Mumasenda khungwa pang'ono pokha, utomoni utsikire m'kapu. Mukalowetsa kwambiri mwavulaza mtengo." Milungu yoyamba ndinavulaza mitengo yambiri, ndithu. Kapitawo wina akanandichotsa. Iwo ankangobwera m'mamawa, kuima kumbuyo kwanga mpaka dzanja linazolowera. Pambuyo pake ndinayamba kumaliza mgwazo wanga wa tsiku pamodzi ndi anzanga.

Malo amenewo ndinawakonda, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona. Mitengo pamizere mpaka kumene maso alekezera, mthunzi tsiku lonse, masamba ofewa kumapazi, fungo la utomoni m'ndowa. Kunalibe wezulo, kunalibe ng'oma. Anthu ambiri anali ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Ntcheu, ndipo za Kopolo Gonani sankazidziwa. Ankandiseka za kondowole yekha, nsima yathu ya chinangwa, kuti imanunkha ndipo imamata m'manja ngati labala yemweyo. Chilala chitafika chimanga n'kusowa, omwewo ankabwera pakhomo pathu mwaulemu kudzafunsa amayi anu mmene amaviikira chinangwa. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumawafunsa kuti, "Fungo lija latha liti, abale?"

Lamulungu antchito ankasonkhana pansi pa mitengo kupemphera, bambo Namakhwa akutsogolera. Amayi anu ankapita nanu. Ine ndinayamba kupita chifukwa kunyumba kunkandisungulumwitsa, koma ndinkakhala kumbuyo pa chitsa, maso ali tong'o. Tsiku lina bambo Namakhwa anandifunsa kuti bwanji sinditsinzina. Ndinati, "Ine ndi Mulungu tili pa mlandu." Ndinkayembekeza ulaliki. Iwo anangoti, "Chabwino. Bola mukubwera kubwalo la mlanduwo." Kumudzi sindinapiteko nthawi yonseyi, ngakhale ndi ulendo wa theka la tsiku. Amayi anu ndiwo ankapita nanu, ndipo akabwera ankandiuza kuti dzanja lamanja la Ada layamba kufooka. Ndinkamva ngati sindinamve.

1992

Lamulungu lina mapemphero atangotha, ndinaona lole itaima pamsewu, anthu akutsitsa chinthu chokulunga m'bulangete. Kumbuyo kwake kunatsika nkhalamba yovala jekete. Anali Ada. Anali atawonda, dzanja lamanja likulendewera. Ndinadziwa chimene chinali m'bulangetemo. Anapempha amuna awiri kuti achinyamulire m'kati mwa mitengo, kutali ndi nyumba, kenako anawathokoza kuti yewu, n'kuwauza kuti azipita. Tinatsala awiri. Ankalankhula m'Chitonga, koma ndikuikirani m'Chichewa.

"Mwana wangu, wandithawa nthawi yaitali."

"Sindinathawe, Ada. Ndi ntchito."

"Usandinamize, ndine ndinakubala." Anakhala pa muzu. "Iwe ukuganiza kuti ndinakuchitira manyazi. Manyazi ndinachita, inde, koma ndi ine mwini. Zaka zonsezi takhala tikusewera chinthu chimene sitikuchidziwa. Timavala zoyera, timaguba, akazi amalulutira, timati ndife asilikali. Mwana wanga wabwera kuchokera kumene anthu amafa, ine n'kumulandira ndi choseweretsa. Amene anakugwetsa m'fumbi ndine, ndi dzanja ili. Ndikanakuyang'ana bwanji kumaso?"

Misozi inkangotsika, munthu wamkulu ndevu pepeya.

"Uli kunkhondo ndinkapempha Chiuta tsiku lililonse kuti ubwere wamoyo," anapitiriza motero. "Anandimva. Koma ndinapempha moperewera, ndinaiwala kupempha zina zonsezo." Anakoka bulangete ndi dzanja lamanzere. "Kuyambira tsiku lija ng'oma iyi sindinaigwirenso, ndipo tsopano dzanja lakana. Anyamata akuiimba ngati akusinja chinangwa. Boma la ku Sanga latiitana kuti tikavine kwawo chilimwe chino, ndipo sindifuna kufa nditaisiya m'manja mwa anthu osamva. Iwe unakulira kumbuyo kwake."

"Ada, mukufuna ndikagwenso pamaso pa anthu a ku Sanga?"

"Tsiku lija inalira ndi dzanja langa, iwe osadziwa. Lero chibonga chigwire ndiwe. Siilira iwe usanaiuze."

Ndinakana, ndinapsa mtima, ndinawauza kuti sakudziwa chimene akunena. Iwo anangokhala, chibonga atachitambasulira kwa ine, dzanja lawo likutopa. Pomaliza ndinachilandira kuti nkhalamba ipumule. Ndinayamba ndakhudza chikopa ndi chikhatho. Kenako ndinagogoda pang'ono ngati munthu wogogoda pakhomo la eni. Thukuta linali kamukamu. Ndinamenya kachiwiri, mwamphamvu. Guu! Mbalame zinauluka m'mitengo. Ndinadziyang'ana, ndinali chiimire. Tinakhala m'mitengomo mpaka njala inatitulutsa, iwo akuwerengera ndi phazi, ine ndikumenya. Pochoka anati boma limakonzekera Loweruka lililonse masana, ndipo azikandidikira.

Mlungu womwewo bwana wamkulu wa esiteti anandiitanitsa kuofesi. Akuba anali atayamba kuvuta, ndipo ankafuna mkulu wa alonda. "Ndamva kuti unali kopolo," anatero. "Ukutayiranji nthawi ndi ndowa? Ndikupatsa yunifolomu, nyumba ya malata, anthu oti uziwalamula, ndi mfuti. Koma Loweruka ndi Lamulungu usamachoke, akuba amakonda masiku amenewo." Anandipatsa mpaka Lolemba kuti ndiganize.

Wezi, apa ndi pamene pali yankho lako. Usaganize kuti sindinaifune ntchito imeneyo. Ndinaifuna ndi mtima wonse! Kuvalanso yunifolomu, kupatsidwanso sawatcha, anthu kuimirira ndikamadutsa. Ndinali nditatopa kukhala munthu wonunkha utomoni. Nyumba yathu inkadontha, ndipo inu munali pafupi kupita kusekondale. Ndinafunsa amayi anu. Iwo sankadziwa kuzungulira. Anati, "Ine nyumba ya malata ndikuifuna, sindinama. Koma mfuti ikalowa m'nyumba muno ndi manja anuwo, ine sindidzagona tulo. Ndipo mwamuna amene ndinakwatiwa naye ku Mzuzu uja ndamuonako pang'ono Lamulungu lapitali. Ndikumufuna yense."

Lamulungu lotsatira ndinakhala pa chitsa changa chija monga mwa nthawi zonse. Bambo Namakhwa atati tipemphere, ndinapezeka kuti ndatsinzina. Sindinapemphe za ntchito. Ndinangoti, "Mulungu, Jailosi uja muli naye, musamaleni. Mlandu wathu sunathe, koma ndatopa kukhala ndekha." Pemphero lonse linali lomwelo. Lolemba ndinapita kuofesi n'kunena kuti zikomo bwana, koma ndikhala pa mpeni. Bwanayo anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati mwayi wotere subwera kawiri, ndipo sananame, sanandiitanenso mpaka anachoka. Ndinakhala wosenda mitengo mpaka tsiku lopuma ntchito. Mavuto amene munaona kusukulu, nsapato zong'ambika zija, anachokera pamenepa, ndipo ndikudziwa kuti mtengo wake munalipira ndinu.

Loweruka lililonse ndinkatsika kupita kumudzi. Sizinali zophweka. Wezulo ankandivutabe, mpaka Kingi analamula kuti kapiteni aziyamba wandiyang'ana ndi kukweza dzanja asanalize. Masiku ena ndinkasiya pakati n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka kunjenjemera kutatha, anyamata n'kumadikira osaseka. Manjawa sanasiyiretu kunjenjemera mpaka lero, mukuona nokha mmene ndimagwirira kapu.

Tsiku lopita ku Sanga ndinadzuka m'mamawa kusita zoyera zanga, ndi za Ada zomwe. Anthu anali ambiri, ochokera m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ambiri anali atamva za ine. Ndinkawamva akunong'onezana ndi khutu langa limodzili. Tinafola. Ada anakana mpando, anaima pambali panga atatsamira ndodo. Kapiteni anandiyang'ana, anakweza dzanja, analiza wezulo. Ndinamenya. Mizere inanyamuka, malipenga analira, fumbi linakwera, akazi analulutira. Ndinamenya mpaka malaya anamatirira kumsana, ndipo sindinagwe.

Titamaliza anthu anandizungulira kundigwira chanza. Ine maso anali pa Ada. Ndinkadikira kuti anene kanthu kakakulu, koti ndidzakusimbireni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope ili gwa.

"Ukuthamanga," anatero. "Ukuthamangira kuti? Taona anyamata akupuma wefuwefu. Ng'oma imeneyi siimbidwa ngati ukuthamangitsa mbuzi m'munda. Loweruka ubwere msanga, tiyambirenso."

Ana anga, chibwerere kunkhondo palibe amene anali atandikalipirapo. Aliyense ankandilankhula mosamala ngati wodwala, kapena kundiseka. Ndinaima pamenepo, bambo wa ana awiri, ndikukalipiridwa ndi atate anga pamaso pa anthu a ku Sanga, ndipo ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinalandira ukopolo.

"Ndamva, Ada," ndinatero.

Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, ndipo Loweruka lililonse ankaima pambali panga. Mpaka kumwalira kwawo sananenepo kuti ndakhoza.